Msana wovulala ku tropa: zimene junta imafuna kuona papepala

Mayi Nachisale (Dómuè): Moni akuluakulu nonse. Funso ili landipeza katatu kuseri sabata ino, ndiye ndati ndiliike poyera. Madala ambiri a ku Angónia ndi ku Tsangano amene anali ku tropa, ku usilikali, akudandaula msana. Ena miyendo ikuchita dzanzi, ena akuyendera ndodo ziwiri, mmodzimmodzi ali pa chikuku. Woduka mwendo ndi bomba lokwirira zake sizivuta, aliyense amaona ndi maso. Nanga wa msana ayambire pati kuti alandire pensão ya ulumali? Odziwa tithandizeni, koma mwatsatanetsatane.

A Chimphamba (Tete): Zikomo mayi. Choyamba tisiyanitse ndalamazi, chifukwa kumudzi zonse zimangotchedwa pensão ndipo munthu amakalemba pempho la chinthu china. Lamulo lake ndi Lei 16/2011 ya pa 10 Ogasiti, imene timaitcha Estatuto do Combatente, ndipo kayendetsedwe kake kali mu Decreto 68/2011. Muli magulu awiri. Pali ma veterano a nkhondo yomenyera ufulu, imene inatha ndi pangano la ku Lusaka pa 7 Sepitembala 1974, ndipo pali amene anamenya nkhondo yotsatira, imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Gulu lachiwirili limatenga a mbali zonse ziwiri, a boma ndi a Renamo omwe. Bónus de participação ndi ya ma veterano. Bónus de reinserção social ndi reforma, ndalama ya wopuma pa ntchito, zimayang'ana zaka zimene munthu anatumikira. Ya ulumali, ya invalidez, siyang'ana kwenikweni zaka, imayang'ana thupi.

Pempho la ulumali lili ngati mphika pamoto, limakhala pa mafuwa atatu. Loyamba, umboni woti munthuyo analidi msilikali. Lachiwiri, umboni woti msanawo unavulala ali pa ntchito ya usilikali, chimene pamapepala amalemba kuti nexo de causalidade. Lachitatu, kukula kwa ulumaliwo, kumene junta ya madokotala imaika pa maperesenti. Loyamba ambiri ali nalo. Lachitatu madokotala amayeza okha. Mapempho a msana amagwera pa fuwa lachiwiri.

A Gomani (Tsangano): Amagwera pati a Chimphamba? Munthu ananyamula mabokosi a zipolopolo pamutu kuchokera kumalire a Zambia mpaka kutsika Zambezi, lero msana wapindika. Umboni wina wotani?

A Chimphamba (Tete): Mwagunda pomwepo achimwene. Nkhondo inalowa m'chigawo chino mu 1968, ndipo zida zinkayendadi pamutu kudutsa Chifunde ndi Marávia. Koma taganizani dokotala amene waika raio-X ya munthu wa zaka 70 pagalasi. Akuona mafupa operepeseka ndi timinga m'mbali mwake. Chithunzi chomwechi amachiona kwa agogo amene sanagwirepo mfuti koma analima mbatatesi ndi kusenza matumba a chimanga moyo wonse. Chithunzicho sichinena kuti uyu ndi wa tropa, uyu ndi wa khasu. Ndiye pempho longoti "ndinkanyamula katundu wolemera" ndi lofooka. Lolimba ndi limene likutchula chochitika chimodzi: mwezi wakuti, chaka chakuti, pamalo pakuti, galimoto ya m'kolona, mdipiti wa magalimoto, inaponda bomba pa msewu wa Moatize ndi Zóbuè, munthuyo anaponyedwa pansi, ananyamulidwa pa machira, anagona kuchipatala masabata angapo.

Técnico Zakeyo (Ulónguè): Ndiwonjezerepo za mbali ya thupi, chifukwa kuvulala kwa tsiku limodzi kumasiya chizindikiro chake. Msana uli ndi mafupa 7 m'khosi, 12 kumbuyo kwa chifuwa, 5 m'chiuno, kenako fupa la pakati pa matako ndi kamchira. Pamapepala amalemba C, kenako T kapena D, kenako L ndi S, ndi nambala yake. Munthu akagwa kuchokera pamwamba kapena akakankhidwa ndi bomba kuchokera pansi pa galimoto, fupa limene limaphwanyika kawirikawiri ndi la pamene chifuwa chimakumana ndi chiuno, T12 kapena L1. Limafinyika kutsogolo n'kukhala ngati nkhwangwa yowazira nkhuni, lopyapyala mbali imodzi. Ngakhale papite zaka 35, kufinyika kumeneku kumaonekabe pa raio-X yojambulidwa cham'mbali. Fupa limodzi lophwanyika pakati pa anzake abwinobwino limalankhula za ngozi. Mafupa onse operepeseka mofanana amalankhula za ukalamba.

Choncho pojambulitsa musavomere chithunzi chimodzi cha kutsogolo chokha. Pakhale ziwiri, cha kutsogolo ndi cha m'mbali. Ngati m'thupi munatsala zidutswa za bomba kapena chipolopolo, zimawala mbee pachithunzi, ndipo umboni woposa pamenepo palibe. Zipsera za pakhungu nazo ziyezedwe ndi kulembedwa: zili pati, zazitali masentimita angati.

Mayi Nachisale (Dómuè): Nanga amene raio-X yatuluka yabwinobwino koma mwendo akukoka?

Técnico Zakeyo (Ulónguè): Amenewo ndi ambiri mayi, ndipo ndi amene amabwerera kumudzi atakhumudwa. Raio-X imaona fupa lokha. Siiona kakhushoni kamene kali pakati pa mafupa, disco, ndiponso siiona mitsempha. Kakhushoni kameneka kakaphulika kamatsina mtsempha wopita kumwendo, ndipo nthawi zambiri zimachitikira pa L4-L5 kapena pa L5-S1. Kuti zioneke pamafunika TAC, makina ojambula m'kati mwa thupi mozama kuposa raio-X, koma yoona bwino kwambiri ndi ressonância magnética. Imeneyi imafuna guia de transferência, kalata yotumizira wodwala ku chipatala china, yochokera kwa dokotala, ndipo ulendo ukhoza kukafika ku chipatala chachikulu ku Beira kapena ku Maputo.

Chenjezo lalikulu: makina a ressonância ndi maginito amphamvu zedi. Munthu amene ali ndi chidutswa chachitsulo pafupi ndi msana kapena m'diso anene asanalowe, chifukwa chikhoza kusuntha kapena kutentha. Madala ena amabisa poopa kuti abwezedwa. Ayi, anene. Dokotala ayamba ndi raio-X kapena TAC n'kuona ngati n'zotheka.

Komabe ngakhale popanda makinawa, dokotala wodziwa amapeza mtsempha wotsinidwawo ndi manja. Amamugoneka munthu chagada n'kukweza mwendo uli woongoka. Ululu ukathamanga kuchokera pathako kutsika kuseri kwa ntchafu mpaka kupyola bondo, mwendo uli pakati pa madigiri 30 ndi 70, amalemba kuti Lasègue positivo. Kenako amaika chala chake pa chala chachikulu cha kuphazi n'kunena kuti "kwezani". Chikalephera, ndi L5, ndipo munthu wotereyu satha kuyendera zidendene, phazi limakhwekhwereza, patapata amavuka yekha panjira. Akalephera kuimira zala, ndipo kugogoda kuseri kwa kakolo osadumpha, ndi S1. Kugogoda pabondo osadumpha, ndi L3 kapena L4. Mphamvu ya mnofu uliwonse amailemba kuyambira 0 mpaka 5: 0 ndiye zii, 3 akutha kukweza mwendo koma ukangoukankha pang'ono umagwa, 5 ndi mphamvu zonse. Relatório, lipoti la dokotala, imene ili ndi manambala amenewa ndi imene junta imatha kuigwiritsa ntchito. Yongolemba kuti "lombalgia" yangonena kuti msana ukupweteka, basi.

Mayi Nabanda (Moatize): A Zakeyo anena zoona, ndipo ine ndiikepo nkhani imene abambo sakonda kuitchula. Junta siwerengera ululu wokha, imawerengera zimene munthu sangathenso kuchita. Mtsempha waukulu wa mumsana, medula, umathera cha pa L1 ndi L2, ndipo kuchokera apo kutsika pansi pali mtolo wa mitsempha imene imayendetsa miyendo, chikhodzodzo, matumbo ndi mphamvu ya m'nyumba. Ndiye bambo amene mkodzo umangotuluka osadziwa, kapena amakhala nthawi yaitali osatuluka, kapena amadzionongera, kapena banja linazima kuchokera tsiku la ngozi, zonsezi ndi mbali ya ulumali ndipo zimakweza maperesenti. Koma dokotala akafunsa, mdala amangoti "tili bwino", makamaka ngati wofunsayo ndi mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wake. Chosanenedwa sichilembedwa. Ngati akuchita manyazi, apemphe kulankhula ndi dokotala wamwamuna, kapena alembetse papepala kunyumba n'kungopereka.

Ndipo pokonzekera junta asamanene kuti "ndimavutika kuyenda". Anene kuti kuchoka pakhomo kufika pachitsime amapuma kangati, amatha kukhala pampando mphindi zingati asanayambe kusuntha, amavala yekha buluku kapena ayi, pachimbudzi chonjuta amadzuka yekha kapena amamudzutsa. Amene amafuna munthu womusamalira usana ndi usiku, zimenezo zilembedwe mu relatório m'mawu omveka.

A Gomani (Tsangano): Koma ena amalangiza kuti tsiku la junta ukokomeze, ulowe akukunyamula ngakhale umayenda wekha. Amati ukalowa ndi miyendo yako sakupatsa kanthu.

Técnico Zakeyo (Ulónguè): Malangizo oipa amenewo achimwene. Madokotala ali ndi njira zogwirira wokokomeza. Munthu akukuwa pokwezedwa mwendo ali chigonere, koma atakhala pampando dokotala akuongola bondo lomwelo ngati akuyang'ana phazi, iye ali phee. Kukokako n'kumodzimodzi. Akaona zotere amayamba kukayikira ndi zoona zomwe. Mnofu wofota sunama: amayeza katumba ndi tepi miyendo yonse iwiri pa msinkhu umodzi, ndipo wodwalawo umapezeka wochepa. Kudumpha kwa bondo nako munthu sangakupange dala. Kulakwa kwina ndi kwa mbali inayo, kudzilimbitsa ngati uli pa perete. Alowe monga amakhalira tsiku lililonse, ndi ndodo yake, ndi mankhwala amene amamwa ali m'mapaketi ake.

A Chimphamba (Tete): Tibwerere ku mapepala. Zoyenera kukhala m'chikwama: BI yosatha ntchito, NUIT (nambala ya msonkho), khadi la combatente kapena chikalata chotsimikiza kuti analembetsedwa, khadi la desmobilização, lotulukira usilikali, kwa amene anatuluka nthawi ya ONUMOZ, gulu la United Nations losungitsa mtendere, mu 1994, chikalata cha zaka za utumiki, relatório ya dokotala ndi zithunzi zake, ndi nambala ya akaunti ya kubanki, NIB, ya dzina lake lomwe. Pempho limalowera ku ofesi yoona za ma combatente, kuyambira kuboma la distrito kukafika ku chigawo kuno ku Tete. Pensão ikakhazikitsidwa imadutsa ku Tribunal Administrativo, khoti loona zochita za boma, kukalandira visto, ndiye kuti chivomerezo, ndipo olipira ndi INPS, bungwe la boma lolipira ma pensão. A ADEMIMO, bungwe la asilikali olumala, amaidziwa njirayi ndipo ndi oyenera kuwafunsa musanawononge ndalama ya chapa.

Zolakwika zimene zimagoneka processo m'kabati n'zazing'ono zomvetsa chisoni. Chachikulu ndi dzina. Ku tropa munthu analembedwa ndi dzina la nkhondo, kapena mlembi analemba Chissale pamene pa BI pali Chisale, kapena tsiku lobadwa likusiyana ndi zaka ziwiri. Kwa ife ndi munthu mmodzi, pa kompyuta ndi anthu awiri. Zimenezi zikonzedwe kaye ku registo civil pempho lisanalowe. China, musasiye chikalata chenicheni pa kauntala iliyonse. Perekani fotokopiya yotsimikizidwa kwa notário, ndipo pa kope lanu la pempholo akudindireni karimbu ya tsiku lolandirira ndi nambala yake. Popanda nambala imeneyo, mukabwera kudzafunsa mudzangouzidwa kuti "tikufufuza".

Mafilimu a raio-X asapindidwe, asasungidwe padzuwa kapena pansi pa mphasa. Envelopu yolimba, m'pulasitiki, pamwamba pa kabati. Jambulaninso pepala lililonse ndi foni n'kutumizira mwana amene ali kutauni.

Mayi Nachisale (Dómuè): Vuto lenileni nali a Chimphamba. Zipatala zambiri za kumidzi zinapsa nthawi ya nkhondo, ndipo anthu a kuno ambiri anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pepala la 1987 alitenga kuti?

A Jere (Furancungo): Ndiyankhe ine mayi. Pepala la tsiku la ngozi likasowa, umboni umamangidwa ndi zidutswa, ndipo zidutswazo zigwirizane. Choyamba, mboni. Akhale anthu amene anali gulu limodzi, makamaka mkulu wa gululo kapena enfermeiro amene anamumanga mabala, ndipo nawonso akhale olembetsedwa ngati ma combatente. Chikalata cha mboni chitchule dzina lake lonse, nambala ya BI, gulu limene anali, malo, nyengo, ndi zimene anaona ndi maso ake. Asalembe kuti "ndinamva kuti anavulala". Alembe kuti "ndinali m'galimoto ya kumbuyo, ndinathandiza kumunyamula, miyendo sinkagwedera". Siginecha itsimikizidwe kwa notário. Mboni ziwiri zisakopere mawu amodzimodzi, chifukwa makalata ofanana mpaka pa kadontho amaoneka kuti analemba ndi munthu mmodzi. Zisiyane m'kalankhulidwe koma zigwirizane pa chaka ndi malo. Wina akati 1986 ku Zóbuè, wina 1988 ku Cambulatsitsi, pempho lafa.

Chachiwiri, pepala lililonse lakale limene likutchula msana. Kakhadi ka chipatala cha mishoni ku Malawi, kabuku ka kuchipatala, risiti ya ndodo zoyendera, ngakhale lili la 1993 kapena 1996. Ntchito yake ndi kusonyeza kuti vutoli silinayambe dzana. Mpata wa zaka 30 wopanda pepala lililonse ndi umene umapatsa junta mpata wonena kuti ndi ukalamba. Pepala la Chingerezi lingafunike kumasuliridwa m'Chipwitikizi ndi womasulira wovomerezeka, ndiye funsani polipereka.

Chachitatu, dokotala amene akulemba relatório apemphedwe kuti anenepo maganizo ake: kodi zimene akuona zikugwirizana ndi ngozi imene munthuyo akufotokoza? Mawu oti "compatível com" ngozi yakutiyakuti ndi mlatho pakati pa chithunzi ndi nkhani ya mboni. Madokotala ambiri salemba chiganizo chimenechi pokhapokha utawapempha, chifukwa iwo amaganiza za kuchiza, osati za pensão.

Técnico Zakeyo (Ulónguè): Pamenepo ndionjeze chinthu chimene chimasokoneza kwambiri kuno kwathu. Si msana uliwonse wopindika umene unathyoka. TB ya msana, mal de Pott, imadya mafupa awiri oyandikana pamodzi ndi kakhushoni ka pakati pake, n'kusiya kalinunda kosongoka, ndipo imatha kupha miyendo. Likodzo nalo, kwa anthu a m'mbali mwa Zambezi ndi Revúbuè, nthawi zina mazira ake amakafika ku medula. Junta imaziganizira zimenezi. Ndiye ngati munthu akuonda, akutuluka thukuta usiku, msana ukupweteka ngakhale atagona, ayezetse TB msanga. Imeneyo imachizika, ndipo kudikira pensão miyendo ikufa n'kutaya zazikulu.

Mayi Nabanda (Moatize): Ndipo pali zizindikiro zimene sizidikira junta kapena Lolemba. Dzanzi pakati pa miyendo, pamalo pokhalira chishalo cha njinga, mkodzo kukanika mwadzidzidzi, miyendo yonse iwiri kufooka m'masiku ochepa: ameneyo apite ku banco de socorros, kolandirira odwala mwadzidzidzi kuchipatala, tsiku lomwelo. Mitsempha imeneyo ikatsinidwa nthawi yaitali sibwereranso.

Kwa amene ali kale pa chikuku, processo imatenga nthawi, ndiye thupi lisamalidwe. Wogona atembenuzidwe maola awiri alionse. Wokhala pa chikuku azidzikweza kapena kupendekeka pa mphindi 15 mpaka 30 zilizonse. Tsiku ndi tsiku wina ayang'ane pa fupa la pakati pa matako, m'chiuno ndi pa zidendene. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, ndiye fufuzani malo amene adera kuposa pena, otentha kapena olimba. Amene amatulutsa mkodzo ndi kapaipi kolowetsa n'kuchotsa, ndi maola 4 mpaka 6 alionse, m'manja mosamba ndi sopo. Wovulala pa T6 kapena pamwamba pake akayamba mutu waukulu mwadzidzidzi ndi thukuta kumaso, mukhazikeni tsonga, masulani zomuthina, onani ngati kapaipi katsekeka, chifukwa BP imakhala yakwera koopsa. Zilonda ndi matenda a mkodzo obwerezabwereza zilembedwe kuchipatala nthawi iliyonse, mapepala amenewo amalowanso mu processo. Estatuto ija imatchulanso chithandizo cha mankhwala ndi zipangizo monga chikuku ndi ndodo, choncho zipemphedwe polemba, osangodikira ndalama yokha.

A Gomani (Tsangano): Funso lina. Munthu ali ndi msana, khutu linagontha ndi bomba lomwelo, ndi chala chinaduka. Maperesenti amaphatikiza?

A Jere (Furancungo): Zonse zitchulidwe m'pempho limodzi, chifukwa junta imayeza zimene zaperekedwa. Koma kuwerengera kwake m'matebulo a ulumali sikukhala kongophatikiza ngati ndalama za pamsika. Njira yofala ndi yochotsera pa mphamvu yotsala. Mwachitsanzo chabe: msana 40, ndiye munthu watsala ndi 60. Khutu 20, amatenga maperesenti 20 a 60 wotsalayo, ndiye 12. Zonse pamodzi 52, osati 60. Anthu ambiri amaganiza kuti aberedwa pamene ndi masamu ake.

Ngati zotsatira sizikukhutiritsani, pemphani chigamulocho polemba pamodzi ndi zifukwa zake. "Mwakanidwa" wapakamwa simungapite naye kulikonse. Mukhoza kudandaula kwa amene anagamula, kenako kwa mkulu wake, ndipo pomaliza ku Tribunal Administrativo, kumene nthawi yokasuma pa zigamulo zambiri ndi masiku 90 kuchokera pamene mwadziwitsidwa. Choncho lembani tsiku limene mwasainira notificação. Wopanda ndalama ya loya apite ku IPAJ, ntchito yawo ndi imeneyo. Koma kudandaula ndi mapepala omwe aja kawirikawiri kumabweretsa yankho lomwe lija. Pakhale chatsopano: TAC imene panalibe, mboni yachiwiri, relatório ya dokotala wa mafupa. Msana ukaipiraipira pakapita zaka, pemphani kuyezedwanso, mutanyamula zithunzi zakale ndi zatsopano kuti aziike pamodzi.

Mayi Nachisale (Dómuè): Nanga anyamata athu amene avulala posachedwa ku Cabo Delgado? Njira ndi yomweyi?

A Chimphamba (Tete): Ayi mayi, amenewo ndi a FADM, asilikali a boma a masiku ano, ndipo nkhani yawo imayambira ku gulu lawo ndi ku junta ya usilikali, pansi pa unduna wa chitetezo. Mwayi wawo ndi woti fuwa lachiwiri lija angathe kuliika lero. Ngozi ilembedwe ndi mkulu wa gulu nthawi yomweyo, ndi tsiku, malo ndi mayina a amene analipo. Potuluka m'chipatala atenge kope la nota de alta, kalata yotulukira m'chipatala, ndi zithunzi zonse. Asavule yunifolomu asanaonekere ku junta, ndipo asasaine pepala lotuluka limene silikutchula msanawo. Mnyamata wa zaka 24 amati "ndachira" chifukwa akufuna kupita kwawo, koma fupa lophwanyika lija lidzamufunsa ali ndi zaka 45.

A Renamo amene anatula zida kutsatira pangano la ku Maputo la pa 6 Ogasiti 2019 nawo ali ndi ndondomeko yawo ya DDR, yotula zida ndi kubwerera kumudzi, ndiye ayambe afunsa kumene analembetsera.

A Gomani (Tsangano): Ndipo ikatuluka ndiye basi, mpaka imfa?

A Chimphamba (Tete): Pali prova de vida achimwene, kukaonekera kuti munthu akadali moyo. Akaphonya, ndalama imaima, ndipo kuidzutsanso ndi ulendo wina. Kwa amene sangakwere chapa kuchokera ku Tsangano, achibale akadziwitse ofesi nthawi isanakwane, atanyamula chikalata cha dokotala chonena kuti sayenda, n'kufunsa mmene angamufikire. Khadi la kubanki lisasungidwe ndi munthu wa katapila. Ndipo mayi a kunyumba akhale ndi chikalata cha ukwati kapena chotsimikiza kuti akhala limodzi, ndi mapepala obadwira a ana, m'chikwama chomwecho, chifukwa pensão de sobrevivência, ya amasiye bamboyo akamwalira, idzafuna zimenezo.

Mayi Nachisale (Dómuè): Zamveka akuluakulu. A Jere, chonde tilembereni chitsanzo cha chikalata cha mboni chija m'Chipwitikizi, mipata ya dzina ndi chaka muisiye, tikawerengere madala Loweruka pambuyo pa msika.

A Jere (Furancungo): Ndiika madzulo ano mayi. Koma muwauze kuti ndime ya zimene anaona aliyense anene yekha m'Chichewa, wolemba azingomasulira. Ndipo asasaine kunyumba, akasainire pamaso pa notário, BI ili m'manja.